Autopilot kapena manja: povuta ndi popatsirana chiwongolero

Pakati pa eni ndege zing'onozing'ono mkangano woti ndi bwino kuulutsa ndi manja kapena ndi autopilot, makina oulutsa ndege yokha, sutha. Ena amati wodalira autopilot wasanduka pasenjala m'ndege yake yomwe, ena amati woikana ndi wamakani wongofuna kudzionetsa. Ine ndimaikonda paulendo wautali, koma ndimaiopa pa kamphindi kamene ikundibwezera ndege m'manja.

Ubwino wake sufuna kukambirana kwambiri. Muli nokha mu Cessna 182 m'kati mwa mitambo, woyang'anira ndege wakusinthirani njira pa wailesi, mukufunika kulemba, kulowetsa mu GPS, n'kuwerenganso tchati cha kateredwe. Manja ndi awiri okha. Mukangoweramitsa mutu kwa masekondi khumi, phiko limodzi latsika kale, ndipo thupi silikuuzani kanthu, chifukwa ndege ikamapendekeka pang'onopang'ono timadzi ta m'kati mwa khutu sitizindikira. Mu 1954 a University of Illinois anayesa oyendetsa ndege 20 osaphunzira kuuluka ndi zipangizo zokha. Atawatsekera kuona kunja, ndege inkawapulumuka pa avereji ya masekondi 178. John F. Kennedy Jr. anagwera m'nyanja pafupi ndi Martha's Vineyard mu July 1999, usiku wa chifunga, ndipo a NTSB, bungwe lofufuza ngozi za ndege ku America, anapeza kuti anasokonezeka osadziwanso kumene kuli kumwamba. Piper Saratoga yakeyo inali ndi autopilot. Makina satopa, sachita chizungulire, n'chifukwa chake ku America woyendetsa mmodzi wonyamula anthu olipira amaloledwa kulowa m'mitambo pokhapokha autopilot yovomerezeka italowa m'malo mwa mnzake wachiwiri.

Komabe tisamanene ngati ma autopilot onse ndi amodzi. KAP 140 ya m'ma Cessna 172 ambiri ndi S-TEC 55X zimadalira turn coordinator, kachipangizo koona kuti ndege ikukhota mwachangu bwanji. Zimachedwerapo, ndipo mphepo ikamagwedeza zimasakasaka njira uku ndi uku. Zili ndi kaubwino kake kobisika: m'ndege ya zipangizo zakale vacuum pump, pampu yoyendetsa zina mwa zipangizozo, ikafa, izo zimapitiriza, poti turn coordinator ndi yamagetsi. Garmin GFC 500 ndi GFC 700 zimadziwa mmene ndege yakhalira yeniyeni, zimagwira mosalala, ndipo GFC 500 ili ndi batani la buluu la LVL loti munthu akasokonezeka angodina, ndege iwongoke. Amene akunyoza autopilot ataulutsa KAP 140 yokalamba ndi amene akuitama ali ndi GFC 500 yatsopano sakukamba chinthu chimodzi.

Tsono apa ndi pamene manja amapambana. Ndege zathuzi zambiri autopilot siigwira throttle, mphamvu ya injini ili kwa inu. Mwaika VS, batani la kakweredwe, kuti ikwere mafiti 700 pa mphindi mu Cessna 172 yodzaza tsiku lotentha. Pansi zikutheka. Mukamafika mafiti 8,000 injini yafooka chifukwa mpweya wapepuka, koma autopilot inauzidwa 700, ndiye ikungokweza mphuno pang'onopang'ono kuti nambalayo ikwane. Liwiro likutsika, inu muli busy ndi tabuleti, mpaka lipenga la stall, lochenjeza kuti mapiko atsala pang'ono kulephera kunyamula ndege, kulira. Mukanakhala mukuulutsa nokha, chiwongolero chikanayamba kufewa m'dzanja, phokoso la mphepo likanachepa, mukanatsitsa mphuno musanaganize n'komwe. Pa GFC mankhwala ake ndi kukwera ndi IAS kapena FLC, kuti igwire liwiro m'malo mwa kakweredwe. KAP 140 ilibe zimenezo, ndipo mukaiyatsa imangogwira kakweredwe kamene yakupezani nako. Zofananazo zimachitika ndi ALT, batani logwira msinkhu, mukalowa mumphepo yotsika kuseri kwa mapiri: iyo imakakamira msinkhu, liwiro n'kumatha.

Choopsa kuposa apo ndi trim, kachipangizo kokhazikitsa mphuno ya ndege kuti musamalimbane ndi chiwongolero. Autopilot ili yoyaka, mwaona kuti ndege yatsika pang'ono, mwakoka chiwongolero kuti muithandize. Iyo ikuona ngati china chake chikuikankha, ndiye ikuzunguza trim kulozetsa mphuno pansi. Inu mukukoka kwambiri, iyo ikuonjezera. Ikadzazima, katundu yense wa trim uja akugwera m'manja mwanu nthawi imodzi, mphuno n'kuloza pansi. Zili ngati anthu awiri onyamula chipika, wina n'kungosiya osachenjeza. Madzi oundana pa mapiko amachita chimodzimodzi mwakachetechete: ndege ikulemera, autopilot ikubisa vutolo mwa kuonjezera trim, kenako yafika pamapeto a mphamvu zake, yalira, yazima, yakupatsani ndege yotsala pang'ono kugwa. N'chifukwa chake malangizo amati pamene pali madzi oundana muziizimitsa kawirikawiri kuti mumve nokha mmene ndege ikulemerera. Batani lofiira lozimitsira lili pansi pa chala chachikulu pachiwongolero, ndipo circuit breaker yake, yodulira magetsi, muzitha kuipeza osayang'ana. Ambiri amaiveka kamphete kamtundu kuti isiyane ndi zinzake. Kuyesa zonsezi pansi musananyamuke kumatenga mphindi imodzi, koma n'kumene anthu amakonda kudumpha.

Palinso mbali zimene mkangano kulibe, poti buku la ndege lagamula kale. Pa Cessna 172 ya GFC 700, autopilot iyenera kukhala yozima pansi pa mafiti 800 kuchokera panthaka, kupatula potsikira kukatera pamene imaloledwa mpaka 200. Kunyamuka, kutera mphepo ikuomba cham'mbali, kuponda rudder (chiwongolero cha kumchira), zonsezi ndi zanu. Garmin Autoland, imene inavomerezedwa mu 2020 pa Piper M600, imateretsa ndege yokha, koma ndi yopulumutsira anthu woyendetsa akakomoka, si yoteretsera tsiku ndi tsiku. Ndipo luso la manja limachita dzimbiri msanga. Ngati a FAA, bungwe loyang'anira zandege ku America, mu 2013 anafika polembera makampani akuluakulu kuti oyendetsa awo aziulutsako ndi manja, kuli bwanji ife amene mwezi umatha osakwera ndege?

Mmene ndimaonera, tsiku la nyengo yabwino, kumwamba kopanda piringupiringu, ndilo lozimitsa autopilot n'kudziyesa pa muyezo wa mayeso a instrument, ouluka ndi zipangizo zokha: osapitirira mafiti 100 pamsinkhu ndi madigiri 10 panjira. Ambirife timachita mosemphanitsa, timaiyatsa kukakhala bata n'kuizimitsa ndi mantha zinthu zikavuta, pamene ikanatithandiza. Usiku, m'mitambo, mutatopa kapena wailesi ikuchulutsa zonena, iyatseni popanda manyazi.

Anzathu a manja okhaokha nawonso ali ndi ngongole. Munthu amene sanagwiritsepo bwino ntchito autopilot ndi amene amadina NAV, yotsata njira yoikidwa, osaona kuti yangokonzeka koma sinagwire, ndege n'kupitirira njira ili pa HDG, yongogwira kumene mphuno yauzidwa kuloza. Mukadina batani lililonse, maso apite pa kamzere ka pamwamba pa sikirini: pa Garmin, zobiriwira ndi zimene ikuchita panopa, zoyera ndi zimene ikudikira. Zikasiyana ndi zimene mumayembekezera, musayambe kufufuza mabatani ndege ikupita kwina. Gwirani chiwongolero kaye, dinani lofiira, muiwongole, mabatani muwaone pambuyo.