Ma earmuff a ku hardware kwa mwana wa autism, amathandiza koma ali ndi zake

Makolo anzanga amene ana anu amagwira makutu nkuyamba kukuwa akamva phokoso, ma earmuff aja amavala anthu a pa chigayo ndi odula zitsulo amagwira ntchito ndithu. Ine ndinagula pa hardware ina ku Down Shops konkuno ku Chipata, achikasu, pa paketi analemba 27 dB (muyezo wa mmene amachepetsera phokoso), mtengo wake sunafike ngakhale pa thumba la ufa wa breakfast. Enieni a ana ngati 3M Peltor Kid m'mashopu amene ndinalowa munalibe ndiye ndinangoti tiyese omwewa.

Wanga ndi mnyamata wa zaka 7, ali ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza kulankhula ndi kucheza ndi anthu. Makutu anamuyeza, alibe vuto, amamva bwinobwino, nkhani ili mu ubongo. Ifeyo ubongo wathu umazolowera, munthu wokhala pafupi ndi chigayo sachimvanso mpaka mlendo ndiye afunse kuti kodi mumakhala bwanji pano. Kwa ana ambiri a autism kuzolowera kumeneko kumachedwa kwambiri. Ku yunivesite ya UCLA ku America kunatuluka kafukufuku mu 2015, anaika achinyamata mu makina a MRI ojambula ubongo nkumawamvetsa phokoso la magalimoto uku akuwakhula pamkono ndi chinthu chokanda, ndiye aja a autism amene zotere zimawazunza kwambiri, mbali za ubongo zolandira mawu ndi kukhudzidwa zimagwira ntchito mopyola muyezo pamodzi ndi amygdala, kambali kamene kamachenjeza munthu za ngozi, ndipo sizimatsika msanga ngati za anzawo. Ndiye malaiti akapita aneba nkuliza genset, ife timaiwala, iye thupi lonse limakhala likumuuzabe kuti thawa. Si mwano, si kumulekerera ngati mmene agogo ake ankanenera. Kuyambira 2013 buku la madokotala la DSM-5 linaika zimenezi pa zizindikiro za autism.

Kumene ma earmuff atithandiza kwambiri ndi ku tchalitchi. Mukudziwa ma sipika athu, keyboard ikangoyamba wakwaya nkuyandikitsa mic nkulira kuti tswiii, kale pamenepo mapemphero athu amakhala atha, ine ndi iye panja pansi pa mtengo mpaka anthu atuluke. Pano amakhala mpaka ulaliki, nthawi zina mpaka chopereka. Ku msika wa Kapata nakonso tikulowa naye. Ndinawavala ndekha kuti ndimve, satseka zonse ayi, munthu akamalankhula pafupi umamumva, chabe kuthwa kwa phokoso ndi kumene kumachoka, ndipo ndikuona ngati kuthwako ndi kumene kumamupweteka mwana.

Tsopano zoipa zake. Anapangira mutu wa munthu wamkulu, ndi olemera, ndipo makapu ake ndi akulu moti mwana akamatafuna kapena kuyasamula pamatseguka mpata m'munsi mwa khutu phokoso nkumalowa. Mu October ndiye musanene, pulasitiki ija imatentha, ukamuvula thukuta lili chuchuchu kuseri kwa makutu. Ndipo musaiwale kuti mwana amene phokoso limamuvuta kawirikawiri ndi yemweyo safuna ka label ka pakhosi pa malaya, wanga timachita kudula tonse ndi lumo. Ndiye chinthu chomupana mutu poyamba anachiponya uko. Sitinamukakamize, tinangowasiya pakati pa zoseweretsa zake, abambo ake nkumawavala akuonera mpira ngati palibe nkhani, mpaka tsiku lina genset italira anapita yekha kukawatenga nkundipatsa kuti ndimuveke. Pano amawapachika yekha pa msomali wa kuseri kwa chitseko, munthu wina akawasuntha ndi milandu.

Ku barber sathandiza chilichonse. Sungamete munthu atavala, komanso makina aja si phokoso lokha, amanjenjemera pa fupa penipeni, ife tinabwerera ku sizasi pakhonde.

Chimene ndikufuna ndinene mwamphamvu, musamuveke tsiku lonse. Ndikudziwa mtima umafuna, ukaona mwana wakhala phee koyamba umati basi azingokhala choncho. Koma akatswiri a za kumva amachenjeza kuti khutu likazolowera zii nthawi zonse, phokoso wamba limayamba kupweteka kuposa kale. Ife timamuveka pamene tikudziwa kuti pavuta, pakatha timavula. Pamsewu sindilola n'komwe pokhapokha ndamugwira dzanja, njinga zamoto za mu Umodzi Highway zimangotulukira paliponse, mwana ayenera kumva hutala.

Komanso si mwana aliyense wa autism amene akuwafuna. Wa mnzanga wina ndi wosiyana kotheratu, iye phokoso amachita kulifunafuna, kumenya mapoto, kugunditsa khutu pa sipika, ameneyo mukamugulira mwataya ndalama. Ndipo sachiza autism, asakunamizeni munthu. Kulankhula kwa wanga kuli pomwe kunali, chasintha nchakuti tikutha kupita naye kumene anzake amapita.

Anthu amayang'ana, zimenezo konzekerani. Anyamata a ma wilibala pamsika amamutcha DJ, iye sizimukhudza, ine ndinasiya kufotokoza.

Pa 5 ndikuwapatsa 4. Siponji ya mbali imodzi yayamba kung'ambika, ndavekapo sokosi yakale yodula, thukuta lachepa koma phokoso likulowako pang'ono. Ngati alipo amene akupita ku Lusaka kapena ku Lilongwe ndipo akudziwa shopu yogulitsa a saizi ya ana, chonde ndiuzeni mtengo ndisanatumize ndalama.