Kuno ku UK galimoto yakale yandisandutsa makaniko

Abale anga, ambiri mukamaona zithunzi za ife tili kunjaku mumaganiza kuti tikuyendera magalimoto onunkhira pepala, ayi ndithu, ambirife tikuyendera nkhalamba zenizeni. Yanga ine ndi ya 2006, ya petulo, ndipo mwini wake woyamba sindimudziwa, wachiwiri naye kaya ali kuti. Kugula galimoto yakale kuno sikuvuta, zilipo mbwee, chovuta ndi kuisunga pamsewu, chifukwa kugalaja amawerengera pa ola, makaniko akangotsegula boneti basi wotchi yayamba kuyenda, ndiye kantchito kakang'ono kosintha kachitsulo kotchipa kamatha kukudyera ndalama yoposa mtengo wa kachitsuloko kangapo. Apa ndi pomwe ambirife tinayambira kugwira sipanala, ngakhale ena amene kale sankadziwa kuti oilo amathira pati.

China chomwe chimatikakamiza ndi MOT, mayeso oona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu. Galimoto ikangokwana zaka zitatu imayenera kukayezedwa chaka ndi chaka, mabuleki, magetsi, matayala, utsi, chiwongolero, pansi ponse amaunika ndi tochi, ikalephera muyenera kuikonza kuti idutse. Ubwino wake zotsatira zonse amaziika pa intaneti, mukangolemba nambala ya galimoto mumaona chaka chomwe inalephera, chomwe chinailepheretsa, mamailosi omwe inali itayenda, ndi tinthu tomwe woyezayo anachenjeza kuti tikutha. Ine tinthu tochenjezedwato ndi tomwe ndimayamba kuwerenga ndisanapite n'kukaiona komwe galimoto, chifukwa mukaona chenjezo lomwelomwelo likubwera zaka zotsatizana dziwani kuti mwini wake anali munthu wongoyendetsa basi, ndipo ngati sanasamale zooneka ndiye za mkati mwa injini musafunse.

Mdani wamkulu kuno si ukalamba wa injini ayi, ndi dzimbiri. Nyengo yozizira amamwaza mchere m'misewu kuti madzi asaume n'kuterera, mchere uja umamatirira pansi pa galimoto n'kumadya chitsulo mwakachetechete, pamwamba penti ali phuliphuli koma pansi pakuyoyoka. Dzimbiri likaboola pafupi ndi pomwe pamangidwa ma shock kapena lamba wapampando, mkati mwa masentimita 30, MOT yalephera pompo. Ndiye nyengo yachisanu ikamatha ine ndimatsuka pansi ndi madzi ambiri, makamaka m'kati mwa mmene mumazungulira matayala momwe matope amabisala, pena ndikugogoda ndi sikuludiraiva kuti ndimve ngati chitsulo chikadali chamoyo. Mapaipi a mabuleki nawo ndi achitsulo ndipo amadutsa pansi pomwepo, amenewo ndimawayang'ana kuposa china chilichonse.

Ntchito yoyamba yomwe aliyense amaphunzira ndi kusintha oilo, ndipo ndinene pano kuti injini zambiri zomwe anthu amati zafa ndi ukalamba zinafa ndi oilo wakale. Mumatenthetsa injini pang'ono kuti oilo apepuke, mumamasula bawuti wapansi, atuluke yense, musinthe fyuluta, ndipo karabala ka fyuluta yatsopano mukapake oilo pang'ono kenako mumange ndi dzanja basi, osati ndi sipanala ngati mukulimbana ndi mdani. Bawuti wapansi uja nayenso safuna mphamvu, mukamukakamiza mumadya mazinga ake ndiye kantchito ka ola limodzi kasanduka mlandu wa sabata. Manambala olembedwa pa chigubu, monga 5W-30, si okongoletsa ayi, yoyambayo ikunena za mmene oilo amayendera kukazizira, yachiwiriyo mmene amakhalira injini ikatentha, ndiye thirani amene buku la galimoto yanu likunena, osati amene mnzanu amathira mu yake. Oilo wakale kuno sitithira mu ngalande, timakasiya komwe a khonsolo amalandira zinyalala zotere, ndipo ndi bwino choncho chifukwa akalowa m'madzi amaononga kwambiri.

Koma musanalowe pansi pa galimoto, chonde abale anga, jeke si chinthu choti muikepo moyo wanu. Jeke ntchito yake ndi kukweza basi, chogwira galimoto ndi ma axle stand, timiyendo tachitsulo tochirikiza galimoto ikakwezedwa, pamalo olimba osapendekeka, hendibuleki yokoka, matayala otsala pansi mutawatchinga. Njerwa ayi, zimaphwanyika osachenjeza. Ine ndimaikanso tayala lomwe ndachotsalo pansi pa galimoto kuti zikavuta pakhale chotsekereza, ena amandiseka kuti ndine wamantha, asekeni.

Chida chomwe chinasintha zinthu kwa ine ndi kamakina ka OBD2. Magalimoto a petulo ogulitsidwa ku Ulaya kuyambira 2001, ndi a dizilo kuyambira cha mu 2004, ali ndi kasoketi ka mabowo 16 pansi pa dashibodi chakufupi ndi chiwongolero, mumalowetsapo kamakinako n'kulumikiza ku foni, ndiye galimoto imakupatsani khodi, kanambala kosonyeza chomwe chayatsa kanyali kochenjeza za injini pa dashibodi. Kanyali kameneka kuno simungakanyalanyaze chifukwa kuyambira 2018 kakakhala koyaka pa galimoto ngati yangayi MOT siidutsa. Tsono apa ndi pomwe anthu ambiri amataya ndalama, amaganiza kuti khodi ikutchula chitsulo choti agule, pomwe khodi imangokuuzani komwe kukupweteka, siikuuzani matenda. P0301 ikutanthauza kuti silinda yoyamba ikuphonya moto, koma chophonyetsa chikhoza kukhala pulagi, koyilo, injekita kapena kompuresheni yatsika. Njira yosalira ndalama ndi yosinthanitsa, tengani koyilo ya silinda yoyamba muike pa yachiwiri, fufutani khodi, yendani pang'ono, ikabwera P0302 ndiye vuto lasamuka limodzi ndi koyiloyo, mwaigwira mbava. Ikakhalabe P0301 koyilo ilibe mlandu, pitani pa pulagi. P0171 imati mpweya wachuluka kuposa mafuta, ndipo nthawi zambiri ndi kapaipi ka rabala kong'ambika komwe kakuyamwa mpweya, koma munthu amathamangira kukagula sensa yodula n'kuimanga, kanyali n'kuyakanso mawa lake.

Pa nkhani ya mapulagi ndiponyepo ichi chifukwa magalimoto amenewa ndi ambiri konsekonse. Honda Jazz yakale, yomwe ena mumaidziwa kuti Fit, ija ya injini ya i-DSI, ili ndi masilinda anayi koma mapulagi 8, awiri pa silinda iliyonse, anayi kutsogolo anayi kumbuyo kobisika. Anthu amasintha anayi ooneka okha n'kumadabwa kuti bwanji ikunjenjemerabe.

Za madzi a mu injini ndiye timakangana kwambiri ndi anzanga, ngakhale amene ali kumudziko tikamacheza pa foni. Kuno popanda coolant, mankhwala osakaniza ndi madzi a mu radiyeta, madzi amauma nyengo yozizira mpaka kung'amba injini, ndiye aliyense amathira. Koma amene muli kotentha musaganize kuti sizikukukhudzani, coolant amatetezanso dzimbiri m'kati mwa radiyeta ndi mu pampu ya madzi, komanso sawira msanga ngati madzi wamba. Madzi apampopi okhaokha amasiya zokakamira m'timipata ta radiyeta, pakapita nthawi galimoto iyamba kutentha, ndiye wina amabwera n'kunena kuti chotsani thermostat. Ine zimenezo ndimakana. Thermostat ilipo kuti injini ifike msanga pa kutentha koyenera, pafupifupi madigiri 90, mukaichotsa injini imayenda yozizira, kompyuta imathira mafuta ambiri, zitsulo zimadyeka msanga, ndipo chomwe chimatenthetsa galimoto chija, kaya ndi radiyeta yotsekeka kaya fani yosazungulira, chikadali pomwepo mwangochifunditsa bulangete. Ndipo chitsekero cha radiyeta musatsegule injini ili yotentha, madzi ake amatumphuka ngati akuthamangitsidwa, anthu apsa nkhope nazo.

Utsi nawo umalankhula. Wabuluu ndiye kuti injini ikuotcha oilo, wakuda mafuta achuluka, woyera wochepa m'mawa kukuzizira si kanthu ndi nthunzi chabe, koma woyera wambiri wosatha injini itatentha kale, uku madzi akuchepa osaona pomwe akudontha, pamenepo ganizirani za gasiketi ya ku hedi. Zoyera zonga thovu pansi pa chitsekero cha oilo zimaopsa anthu, komatu kuno zimabweranso chifukwa cha timaulendo tifupitifupi m'nyengo yozizira, injini siitentha mokwanira kuti chinyezi chiume, ndiye musathamangire kumasula injini musanaone ngati madzi akuchepadi.

Batire kuno imafera m'mawa wachisanu, tsiku lomwe mwachedwa ku ntchito. Kamita kakang'ono koyezera magetsi kamathetsa mikangano yambiri, batire yabwino galimoto itazima imaonetsa cha m'ma 12.6, injini ikulira iyenera kukwera kufika cha m'ma 14, ikapanda kukwera vuto si batire koma olitaneta, yomwe imatchaja batire, kapena lamba wake, ndipo mukagula batire yatsopano nayonso ifa. Pochotsa yambani ndi waya wa negetivu, pobwezera mumalizire womwewo.

Mabuleki ndimapanga ndekha koma modekha. Mapadi mumasintha mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, timabawuti tomwe kalipa, chitsulo chofinya mapadi, imatsetserekapo mutitsuke n'kutipaka girisi woyenera chifukwa tikagwira padi imodzi imadyeka yokha, ndipo mukamaliza pondani buleki kangapo mpaka ilimbe musanasunthe galimoto, apo ayi kuponda koyamba phazi lifika pansi galimoto ikupitabe. Brake fluid amayamwa chinyezi cha mumpweya, n'chifukwa chake amati asinthidwe pakatha zaka ziwiri, wakale amawira mabuleki akatentha pa mtsetse wautali, ndipo pamenepo mulibenso mabuleki. Matayala lamulo la kuno likuti mizere isachepere mamilimita 1.6, koma ine ndimayang'ananso zaka, pambali pa tayala pali manambala anayi, mwachitsanzo 2318 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Tayala likhoza kukhala ndi mizere yozama bwinobwino koma rabala itauma n'kuyamba ming'alu, makamaka aja ogula ogwiritsidwa kale ntchito.

Pali zina zomwe sindikhudza ngakhale nditaonera mavidiyo a pa YouTube usiku wonse. Mawaya achikasu ndi a airbag, amenewo ayi. Masipuling'i a ma shock akafinyidwa amasunga mphamvu yotha kuthyola munthu chibwano, amenewo ndimapereka kwa amene ali ndi makina ake. Pa galimoto za hybrid, zoyendera mafuta ndi magetsi, mawaya a olenji ali ndi magetsi opha. Timing belt, lamba wogwirizanitsa kayendedwe ka mapisitoni ndi mavavu, nayo ndimapita nayo kugalaja, koma chomwe ndimaonetsetsa n'choti ndidziwe ngati injini ili ndi lamba kapena tcheni, ndi kuti lambayo anasinthidwa liti, chifukwa pa injini zambiri lamba akaduka mapisitoni amamenya mavavu ndipo kukonza kwake kumaposa mtengo wa galimoto yonse. Wogulitsa akati "anasintha" koma alibe lisiti, ine ndimawerengera kuti sanasinthe. Ndipo posintha lamba, ngati pampu ya madzi imazunguliridwa ndi lamba yemweyo, isinthireni limodzi, ntchito yomasula ndi imodzimodziyo.

Zipangizo zina ndimakatenga kumalo komwe amaphwasula magalimoto akufa, zinthu ngati galasi, nyali, chitseko, sitata, mumapita ndi masipanala anu n'kumasula nokha, ndipo kumeneko ndi sukulu yabwino chifukwa mukathyola kapulasitiki palibe akulira, mumaona mmene chinthu chimamasukira musanakachite pa yanu. Koma za mabuleki, lamba ndi fyuluta ndimagula zatsopano, ndipo ndimaitanitsa ndi nambala ya chassis osati dzina la galimoto lokha, chifukwa magalimoto awiri a dzina limodzi ndi chaka chimodzi amatha kukhala ndi mabuleki osiyana kukula. Musanamasule chilichonse jambulani ndi foni, mabawuti muwaike mu dongosolo lomwe mwawachotsera, ndipo bawuti wadzimbiri muthireni mafuta omasulira dzulo lake, mukamukakamiza wouma amaduka mutu n'kutsala m'katimo, ndiye muziboola ndi dirilo kunja kukuda 4 koloko masana, zala zitauma ndi chisanu.