Epoxy wa m'galaja mwathu ku Chigumula: kuwala kwake n'koona, koma chinyezi chatilanga

Ndachedwa dala kulemba ndemangayi. Ndikanailemba mwezi woyamba, bwenzi nditapereka nyenyezi zisanu n'kuikapo zithunzi zakumaso kwa aliyense. Lero, patadutsa madzinja awiri, epoxy, penti wolimba amene tinapaka pansi m'galaja mwathu, ndikumupatsa nyenyezi zitatu, ndipo anyamata amene anandipakira ndikuwapatsa imodzi, ya kufika pa nthawi basi.

Nyumba yathu ili kunsi kwa kachitunda, ndipo tinaigula yomangamanga. Galaja yake ndi ya galimoto imodzi. Pansi panali simenti wamba yongofumbuka, mukasesa lero mawa fumbi lotuwa lili pa bonati, kuphatikiza madontho a oyilo amene anakana sopo aliyense. Nditaona pa Facebook magalaja onyezimira ngati mogulitsira magalimoto atsopano, mtima unauluka. Ndinaimba foni, ndipo mu Okutobala 2023, dzuwa likuswa mtengo, anabwera atatu.

Ntchito ya manja anaigwira mooneka bwino, ndisawanamizire. Anapala pansi ndi giraindala, anatseka ming'alu, kenaka anasakaniza zitini. Epoxy amabwera pawiri, pali penti weniweniyo ndi mankhwala oumitsa, ndipo mukaphatikiza muyenera kufulumira chifukwa amayamba kulimba m'chidebe momwemo. Anapaka kawiri, mtundu wotuwa, n'kundiuza kuti tisapondepo mpaka mawa lake, galimoto ilowe pakatha sabata. Zoti pansi pa simentiyo pali chiyani sanafunse, ndipo ine sindinkadziwa kuti limeneli ndi funso.

Zabwino zilipo ndithu. Fumbi linatheratu. Oyilo akadontha mumangopukuta ndi kansanza. Kukolopa ndi mphindi zisanu, moti ana anayamba kuseweramo masana galimoto ikachoka.

Dzinja loyamba ndi limene linandipusitsa. Mukukumbukira chaka cha El Niño chija, mvula itadula kumayambiriro kwa 2024, chimanga n'kupserera m'minda mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Nthaka inali gwa, choncho galaja inkaoneka ngati yapambana mayeso pomwe sinalembe n'komwe. Ndinayamikira pentiyo kwa anzanga kuntchito ngati ndikulandira kangachepe.

Chizindikiro choyamba chinabwera ndi chiperoni cha mu Juni. M'mawa wina ndinalowa nditavala masilipasi, khofi kumanja, kiyi kumanzere. Phazi lachiwiri silinafike pomwe ndinalituma. Ndinangozindikira ndakhala pansi, kapu uko, kiyi wapita kunsi kwa galimoto. Nditapaka dzanja pansi, lonse linanyowa, chonsecho denga silidontha. Pansi panali patatuluka thukuta, monga limachitira botolo lochokera mu filiji: mpweya wachinyezi ukakhudza chinthu chozizira umasanduka timadontho. Simenti yopanda penti imamwa timadontho timeneti mwakachetechete, n'chifukwa chake kale sitinkaona kanthu. Epoxy samwa madzi ngakhale pang'ono. Onse amakhala pamwamba, limodzi ndi amene galimoto yabwera nawo kuchokera mu mvula yowaza ija, ndipo mukatseka chitseko usiku amagona momwemo. Pambuyo pake ndinamva kuti amisiri odziwa amawaza mchenga wosefa pa penti womaliza kuti pasamaterere. Athuwa sanatchuleko.

Kugwako ndinakuseka. Za chimanga sindinaseke.

Chifukwa cha chilala tinagula matumba 12 a makilogalamu 50, ena oti tizitumiza kwa amayi ku Thyolo. Tinawasanja pansi penipeni, mogundana ndi khoma lakumbuyo, poti pansipo panali poyera ngati mbale. Mu Ogasiti mayi akunyumba atafuna kukagayitsa, anandiitana kuti, "Bambo, tabwerani mudzanunkhize kuno." Fungo lake linali la m'nyumba yotsekedwa chaka. Matumba apamwamba anali bwino. Titafika pa atatu apansi, sakayo inali yozizira, yamadontho akuda, ndipo titamasula tinapeza chimanga chakumunsi chitagwirana zibuma, chitachita chuku chobiriwira mopita kuchikasu. Mukafinya chibuma chimangofumbuka utsi. Wantchito wathu anapempha kuti akapatse nkhuku, ndinakana. Chuku chamtundu wina chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuthetsa. Matumba atatu m'chaka cha njala, mukudziwa nokha kuwawa kwake.

Titachotsa zonse tinaona kuti si chimanga chokha. Makatoni a mabuku akale a ana anali atafewa kunsi, masamba atamatana. Nsapato zanga zachikopa za kuukwati zinamera ubweya woyera. Chuku sichimera pa epoxy penipenipo, chimadya fumbi, katoni, matabwa, nsalu ndi chikopa. Pentiyo ntchito yake inali yongosunga madzi kunsi kwa zinthuzo kuti asaume.

Kenaka inabwera mvula yeniyeni kumayambiriro kwa 2025, ndipo vuto linachokera pansi. Mbali ya kukhoma lakumtunda kunayamba kutuluka matuza, ena ngati njere ya nyemba, ena ngati chikhatho cha mwana. Ndinaboola limodzi ndi msomali, munatuluka timadzi tonunkha, ndipo nditasenda ndinapeza simenti yakuda, yonyowa, m'mphepete muli ufa woyera ngati mchere. Pomwe pamaima matayala penti anayamba kukakamira kutayala, galimoto ikamatuluka n'kumachoka naye zigamba. Khoma nalo linayamba kusuwa kumunsi ndi kuchita mawanga akuda, zomwe silinkachita kale. Chinyezi chikatsekeredwa pamwamba chimafuna kwina kotulukira, ndipo chinapeza njerwa.

Ndinaimbira mkulu wa anyamata aja. Yankho lake linali lakuti, "Bwana, imeneyo ndi nthaka yanu, penti wathu alibe vuto." Nditakakamira anati abwera Loweruka. Ma Loweruka apita ambiri, foni pano sayankha. Chodabwitsa n'chakuti sananame. Vuto ndi nthaka yangadi. Koma munthu amene ntchito yake ndi imeneyi ankayenera kuiyeza nthakayo asanalandire ndalama zanga, ndipo apa ndi pamene nyenyezi zake zinathothokera.

Amene anandimasulira zonse ndi amalume awo a mayi akunyumba, mmisiri womanga amene anapuma. Anapala malo ena pomwe penti anasenda, anadula pepala la pulasitiki loonekera, pafupifupi masentimita 45 mbali zonse, n'kulimata ndi tepi mbali zinayi kuti mpweya usalowe. Anati tilisiye maola osachepera 16. M'mawa mwake kunsi kwa pepalalo kunali madontho, simenti yada bii. Anangopukusa mutu nati, "Apa, mkamwini, anathira konkire pa dothi, pepala sanayale." Pomanga moyenera amayala pepala la pulasitiki lokhuthala, lija la 250 micron, asanathire konkire, kuti chinyezi cha m'nthaka chisakwere. Popanda limenelo simenti imakoka madzi ngati chingwe cha nyali, amauluka pamwamba osaoneka, ndiye inu mukabwera n'kuvindikira ndi epoxy. Anawonjezanso ziwiri: simenti yatsopano iyenera kudikira masiku osachepera 28 isanapakidwe, ndipo kuyeza ndi pepala mu Okutobala n'kudzinamiza, muyeze mu Febuluwale nthaka itakhuta.

Mnzanga mmodzi mwa amene ndinawakopa aja anapakitsadi, ku Lilongwe, m'nyumba yatsopano yomwe anayala pepala akuona yekha. Kwake kulibe thuza ngakhale limodzi. N'chifukwa chake pentiyo sindikumunyoza.

Zomwe tachita kuchokera pamenepo si zapamwamba. Tinakumba ngalande kuseri kwa khoma lakumtunda, ndipo madzi a padenga amene ankagwera patsinde pa khoma tinawalozetsa kutali ndi paipi. Tinaboola khoma n'kuika njerwa zamabowo zinayi, ziwiri kumunsi mbali ino, ziwiri kumwamba mbali inayo, kuti mphepo izidutsa. Chilichonse chili pa mapaleti, motalikirana ndi khoma mpata wolowa dzanja, ndipo chimanga tikusunga m'matumba a PICS, aja osalowa mpweya, m'chipinda china. Makatoni tinataya. Mawanga a chuku tinatsuka ndi Jik wosungunula m'madzi, titavala magolovesi, chitseko chili chotsegula, osasakaniza ndi mankhwala ena aliwonse. Galimoto ikalowa yonyowa, madziwo timawakankhira panja ndi chokolopera charabala tisanatseke. Makina oyamwa chinyezi ndinawaganizira, koma ndi magetsi athu ozimazimawa komanso mtengo wa mayunitsi, ndinawasiya. Ndinangogula kachipangizo koyezera chinyezi cha mumpweya. Poyamba kankapitirira 80 peresenti, pano kamasewera m'ma 60, ndipo fungo lija latha.

Pansi pakuoneka ngati mutu wa munthu wa chipere, gawo lalikulu likunyezimira, mbali ya kumtunda ndi zigamba. Ndimafuna kupala zonse n'kuyambiranso, koma amalume akuti ndisaponyenso ndalama mpaka ngalandeyo itaona dzinja lathunthu. Pepala lawo lija likadali pakona, ndimalisintha Lamlungu lililonse tikabwera kutchalitchi. Dzulo munali timadontho tiwiri.