Miyezi 14 pa mapiritsi a mahomoni chifukwa cha PCOS

Ndisanayambe mankhwalawa ndinkasamba katatu kapena kanayi pachaka. Nthawi ina panadutsa miyezi isanu osaona chilichonse, ndipo msambo utabwera unandigwira masiku 12, wamphamvu, wa mibulu ya magazi. Ziphuphu sizinkatha, ndipo pachibwano panayamba kumera tsitsi lokhakhala lomwe ndinkazula mobisa m'mawa uliwonse. Atatsimikiza kuti ndilibe pakati komanso kuti vuto si chithokomiro, adokotala anandiuza kuti ndi PCOS (polycystic ovary syndrome), vuto la kusokonekera kwa mahomoni mwa amayi. Amatsatira mfundo zomwe akatswiri anagwirizana ku Rotterdam mu 2003. Zizindikiro zake ndi zitatu: msambo wosalongosoka, kuchuluka kwa mahomoni achimuna, ndi timatumba tambirimbiri ta mazira toonekera pa sikani. Munthu akakhala ndi ziwiri, matenda ena ofanana nawo ataonedwa kuti palibe, ndiye kuti ndi PCOS. Ine ndinali nazo zonse.

Anandilembera mapiritsi olerera a mahomoni awiri, ethinylestradiol (mtundu wa oestrogen) wa ma microgram 30 ndi levonorgestrel (wogwira ntchito ngati progesterone) wa 150. Umamwa masiku 21, kenako masiku 7 opanda mahomoni. Mtima wanga unakana. Ndinabwera kudzafuna msambo, ndipo m'tsogolo ndikufuna mwana, nanga olerera abwera bwanji? Chomwe chinandigonjetsa ndi mmene anandifotokozera za chiberekero. Dzira likapanda kutuluka, thupi silipanga homoni ya progesterone, ndiye homoni ina, oestrogen, imangokulitsa kakhungu ka mkati mwa chiberekero mwezi ndi mwezi popanda chokatsuka. Zikapitirira zaka, chiopsezo cha khansa ya mkati mwa chiberekero chimakwera. N'chifukwa chake madokotala safuna kuti padutse masiku 90 usanasambe. Ine miyezi isanu ija ndinkangoti ndapumako ku mavuto a kumwezi, osadziwa zomwe zinkachitika mkatimo.

Miyezi itatu yoyamba inali yowawa. Nseru m'mawa, mawere kupweteka, ndi timagazi todontha pakati pa paketi. Mwezi wachiwiri ndinatsala pang'ono kusiya. Namwino wina anandilangiza kuti ndizimwa usiku ndikatha kudya, ndipo nseru inachepa. Pofika paketi yachinayi kudontha kuja kunatheratu. Chiyambire pamenepo magazi amabwera tsiku lachitatu la sabata yopumira, amatenga masiku anayi, ochepa, ndipo m'mimba simupotokola ngati kale. Kwa munthu amene ankayenda ndi chovala chosinthira m'chikwama kulikonse, kudziwa tsiku lako ndi mtendere waukulu.

Nkhope inayamba kusalala cha m'mwezi wachinayi. Tsitsi la pachibwano ndi lomwe linandiyesa kupirira. Mapiritsiwa amachepetsa mahomoni achimuna omwe amapangidwa m'matumba a mazira, komanso amachititsa chiwindi kupanga puloteni yotchedwa SHBG yomwe imamanga testosterone, mmodzi mwa mahomoni achimuna aja, kuti asagwire ntchito. Koma tsitsi limakula pang'onopang'ono, moti pamafunika miyezi 6 kapena kuposa kuti uone kusintha. Kwa ine tsopano limamera lofewa ndipo ndimazula kawiri pasabata. Silinathe. Thupi silinachepe, silinanenepenso. Chilakolako cha kugonana chinatsikako, ndipo ichi ndinachedwa kuchitchula kwa adokotala chifukwa cha manyazi.

Cha m'mwezi wa 10, nditaona kalendala yanga ili mu mzere, ndinafunsa mosangalala ngati ndachira. Yankho linandipweteka. Magazi amene ndimaona mwezi uliwonse si msambo wobwera chifukwa dzira latuluka. Amabwera chifukwa mahomoni a m'mapiritsi adukiza kwa sabata imodzi. PCOS ikadalipo, ndipo ndikasiya kumwa n'kutheka ndithu kuti msambo ubwerera mwakale. Ndinalira tsiku limenelo. Sindikunena kuti anandinamiza, koma ndikanakonda akanandiuza zimenezi momveka tsiku loyamba, kuti mankhwalawa amateteza chiberekero ndi kuchepetsa zizindikiro, osati kuchiza. Sakhudzanso gwero lina la vutoli, lomwe ndi thupi kusamvera bwino insulin, homoni yoyendetsa shuga m'magazi. Pachifukwa chimenechi anandiyeza shuga, kuyeza kuja komwa madzi a glucose wa magalamu 75 n'kudikira maola awiri. Zotsatira zinali bwino, koma ndiziyezetsabe, ndipo nkhani ya metformin, mankhwala othandiza thupi kumvera insulin, tinaikambirana kuti ikhale pafupi.

Pali chimodzi chomwe chimandidetsabe nkhawa ndikakumbukira. Amene anandipatsa paketi yachiwiri sanandiyeze BP, sanafunsenso za mutu. Koma mapiritsi okhala ndi oestrogen amakweza chiopsezo cha kuundana kwa magazi m'mitsempha, ndipo si a aliyense. Sayenera kwa mayi amene amadwala mutu waching'alang'ala woyamba ndi kuona zothwanima m'maso, wosuta fodya wa zaka 35 kupita m'tsogolo, wa BP yokwera, kapena amene magazi anamuundanapo. Katumba ka mwendo umodzi kakatupa n'kumapweteka, kapena pachifuwa pakabaya ndi kubanika, n'zothamangira kuchipatala nthawi yomweyo. Ngati sanakufunseni zimenezi, zitchuleni nokha. Kwa amene sangamwe mapiritsiwa, pali medroxyprogesterone, mankhwala ofanana ndi progesterone, womwa masiku 10 mpaka 14 pakapita mwezi umodzi kapena itatu, ngakhale salera ndipo sathandiza tsitsi. Palinso lupu ya mahomoni.

Kodi ndingawasankhenso? Inde. Chiberekero changa n'chotetezeka, ndipo magazi sanditayikanso ngati kale. Mantha anga oti olerera adzandilepheretsa kubereka anatha nditamvetsa kuti chovuta ndi PCOS yomwe inalipo kale, osati mapiritsi. Malangizo a padziko lonse a PCOS a 2023 amaika letrozole patsogolo pa mankhwala othandiza dzira kutuluka, ndipo tagwirizana ndi adokotala kuti chaka chamawa ndidzasiya mapiritsi tikayambe njira imeneyo. Pakali pano alamu yanga imalira 9 koloko usiku uliwonse, ndipo mwezi wamawa ndikukayezetsanso BP.