RAM ya 8GB pa HP EliteBook 840 G1: L mmodzi anandiyendetsa Limbe kawiri

Shopu ya ku Limbe komwe ndinagula RAM ya laputopu yanga ndaipatsa nyenyezi zitatu, ndipo zonse zitatu ndi za abambo eni shopuyo, kamnyamata ka pa kauntala kalibepo gawo.

Laputopu yanga ndi HP EliteBook 840 G1, zija zimabwera zogwirapo kale ntchito, purosesa yake i5 ya 4th gen, RAM (memory yomwe kompyuta imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu) 4GB basi. Ukatsegula Chrome matabu asanu kenako Excel ndiye uyambe wakatereka tiyi, mu Task Manager, momwe Windows imaonetsa mmene kompyuta yalemedwera, memory ili pa 90% ndi kuposa. Kuseri kuli ma slot awiri ina yopanda kanthu ndiye ndinati ndiwonjezere 8GB.

Ndinapita pa shopu ina ku Limbe, K45,000, mukudziwa kale mitengo ya masiku ano. Cholakwa changa nchakuti laputopuyo ndinaisiya kunyumba. Mnyamatayo anangopisa dzanja mukabokosi ka pulasitiki nkutulutsa RAM yosakutira nkomwe. Ndikumufunsa bwinobwino kuti achimwene, imeneyi ndi DDR3L, mtundu wa RAM womwe laputopu yanga imafuna? Kundiseka ine. Akuti "mayi, DDR3 ndi DDR3, L-yo ndi zongokometsera za akampani." Ndinatumiza ndalama pafoni nkumapita.

Kufika kunyumba madzulo ndatsegula chivundikiro chapansi, 840 G1 siivuta pali kotsekulira kongokankha, ndachotsa batire, RAM ndailowetsa chopendeka nkuidina mpaka timawaya tam'mbali tati tha. Yalowa bwinobwino. Kudina batani, sikirini bii. Fani ikuzungulira, kanyali ka Caps Lock kakungophethira, china palibe. Inetu ndinatuluka thukuta, muli maakaunti onse a banki m'khonde yathu ya amayi 22 ndipo Loweruka lake tinali kugawana, mukuganiza akanandimvetsa ndani kuti kompyuta yafa? Ndinaichotsa manja akunjenjemera, kuyatsanso, Windows inabwera ngati palibe chachitika.

Ndiye ndinayatsa tochi ya foni nkuyerekeza ma sticker. Yakale yalembedwa PC3L-12800S, yatsopanoyo PC3-12800S. L uja ankati ndi wokometsera ndiye nkhani yonse, PC3L (ndiyo DDR3L ija) imayendera magetsi a 1.35V pomwe PC3 wamba (DDR3) imafuna 1.5V, ndipo mapurosesa a 4th gen a m'malaputopuwa amafuna ya 1.35V. Choputsitsa nchakuti zonse zili ndi mapini 204 ndipo kampata kali pamalo amodzi, ndiye imalowa popanda kukana ngati ndi yake.

Mawa lake ndakweranso minibasi, ulendo uno laputopu ili m'chikwama. Apa mpamene mnyamata uja anandikwiyitsa zenizeni. Asanaione nkomwe akuti katundu akatuluka sabwerera, kenako akuti mwaiwotcha nokha poigwira, kenako akuti bodi ya laputopu yanu ndiye ikufa bola tikugulitseni ina tili nazo zabwino. Mabodza atatu m'mphindi ziwiri, maso ali pa WhatsApp. Ndinamuuza kuti achimwene ine si mwana, werengani apa, ndipo sindichoka. Mawu anakwera ndithu mpaka wogulitsa ma charger panja anasuzumira.

Mpamene abambo aja anatulukira kuseri, achikulire ndithu, magalasi ali pamphuno. Anangoyang'ana sticker kamodzi nkutembenukira mnyamatayo, "iwe, ndikuuze kangati kuti ya L ndi yopanda L usamaphatikize m'bokosi limodzi?" Kwa ine akuti pepani mayi, khalani apa. Anabweretsa ya Samsung ya PC3L, kuika okha, kupemerera fumbi linadzadza pa fani lija ndinali ndisanaliwone, kuyatsa nkulowa mu BIOS, momwe mumaoneka zida zomwe zili mu kompyuta, kuti ndiwone ndi maso anga 12GB. Sanawonjezere tambala. Anandiuzanso mosabisa kuti RAM ithandiza pa matabu ambiri koma kuchedwa poyatsa ndi hard disk, kumeneko mankhwala ake ndi SSD, disk yothamanga kuposa hard disk, ndipo sanandikakamize kugula. Ukali wonse unathera pomwepo, ndinachita kuthokoza kawiri.

Tsopano patha masabata atatu. Chrome, Excel ndi Zoom zonse pamodzi memory ikumakhala cha m'ma 50, siinazimepo yokha. Poyatsa ikuchedwabe monga ananenera, SSD ndidzagula pomwepo mwezi ukatha, koma ndidzayamba ndasuzumira ngati abambowo alimo. Musanapite jambulani sticker ya RAM yanu yakale, kapena nyamulani laputopuyo akaiyesere pamaso panu. Ya minibasi maulendo awiri owonjezera aja palibe anandibwezera, ndipo mnyamata uja potuluka ndinamutsanzika, iye maso anali pafoni.