MBA yophunzira pa intaneti: phunziro liti likuyenera fizi yake, liti likuperewera

Otsatsa digiri ya MBA (masitazi ya kayendetsedwe ka bizinesi) yophunzira pa intaneti amaigulitsa ngati chinthu chimodzi, koma mukalipira n'kulowa mkati mumapeza maphunziro 8 mpaka 12 amene mphamvu zawo n'zosiyana kwambiri. Ena amaphunzirika bwino pa kompyuta, mwinanso kuposa m'kalasi. Ena amafika kwa wophunzira atasukuluka. Pano tikunena za mtundu wofala wa pulogalamuyi: ya zaka ziwiri, yopangira munthu amene ali kale pa ntchito, yokhala ndi mavidiyo ojambuliratu, kalasi ya pa Zoom kamodzi pa sabata, ntchito za m'magulu, ndi mayeso kumapeto kwa phunziro lililonse.

Tiyambe ndi nthawi, chifukwa apa ndi pamene anthu amadzinamiza. Ku UK digiri ya masitazi imakhala ndi makirediti 180, ndipo kirediti imodzi imawerengedwa ngati maola 10 ophunzira. Onse pamodzi ndi maola 1,800. Mukawagawa pa masabata 100, omwe ndi pafupifupi zaka ziwiri, mupeza maola 18 pa sabata: maola awiri usiku uliwonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, kenako maola 8 Loweruka ndi Lamlungu. Mawu oti "phunzirani pa nthawi imene mukufuna" si onama, koma sachotsapo ola ngakhale limodzi. Ndipo maphunziro a masamu sakhululuka. Mukatsalira masabata awiri, sabata lachitatu simumva kanthu, chifukwa lamangidwa pamwamba pa awiri aja.

Phunziro limene limabweza ndalama zanu msanga ndi la akaunti. Cholinga chake si kukusandutsani akauntanti ayi. Amafuna muthe kuwerenga mapepala atatu: balance sheet, yosonyeza zomwe kampani ili nazo ndi ngongole zake pa tsiku lina lake, income statement, yosonyeza phindu kapena kuluza kwa nyengo yonse, ndi cash flow statement, yosonyeza ndalama zenizeni zomwe zalowa ndi kutuluka. Kalembedwe koika chilichonse mbali ziwiri, ya debit ndi ya credit, katswiri wa masamu wa ku Italy Luca Pacioli anakafotokoza kale mu 1494, ndipo maziko ake akadali omwewo.

Chomwe chimatsegula anthu maso apa n'chakuti phindu si ndalama. Kampani yagulitsa katundu wa 500,000 pa ngongole, wogulayo adzalipira pakatha masiku 60. Katunduyo inamugula pa 350,000, ndipo wogulitsayo akufuna zake pakatha masiku 30. Pa pepala pali phindu la 150,000. Ku banki, kwa mwezi wathunthu, kuli dzenje la 350,000, ndipo antchito akuyembekezera malipiro. Bizinesi yotere ikamakula dzenjelo limakulanso, n'chifukwa chake kampani ikhoza kugwa m'chaka chomwe yagulitsa kwambiri kuposa zaka zonse. Phunziro ili limayenda bwino pa intaneti pa chifukwa chosavuta: vidiyo mutha kuiimitsa, kuibweza kasanu, mpaka mwamvetsa chifukwa chake galimoto ya 6,000,000 yoti igwire ntchito zaka 5 imalembedwa ngati yodya 1,200,000 chaka chilichonse ngakhale ndalamayo inatuluka tsiku limodzi. M'kalasi mphunzitsi sangabwereze kasanu.

M'bale wake ndi akaunti ya mamanijala, momwe muli masamu opezera malire a kuluza ndi kupindula. Tiyerekeze kuti lendi, malipiro ndi zina zosasintha zimadya 900,000 pa mwezi. Chinthu chimodzi mumagulitsa pa 5,000, ndipo kuchipanga kumadya 3,500, ndiye chilichonse chimasiya 1,500. Muyenera kugulitsa zinthu 600 kuti mungobweza zomwe mwawononga. Tsopano a dipatimenti yotsatsa malonda akuti titsitse mtengo ndi 10 peresenti, ufike pa 4,500. Chotsala pa chinthu chilichonse chatsika kufika pa 1,000, ndipo malire aja akwera kufika pa zinthu 900. Mtengo watsika pang'ono chabe, koma muyenera kugulitsa zinthu 300 zoonjezera musanaone phindu lililonse. Manijala amene anachitapo masamu amenewa kamodzi savomeranso zotsitsa mitengo asanatsegule Excel.

La zachuma cha kampani, lomwe amalitcha corporate finance, ndilo lolemera kuposa onse, ndipo ndi pamene pulogalamu yabwino imasiyanirana ndi yongotolera fizi. Mfundo yake yaikulu ndi yoti ndalama ya lero ndi yamphamvu kuposa ya chaka chamawa. Makina akugulitsidwa pa 1,000,000 ndipo adzabweretsa 400,000 pa chaka kwa zaka zitatu. Mukangophatikiza mupeza 1,200,000, n'kuganiza kuti mwapindula 200,000. Koma ngati mpamba wanu umakudyerani 15 peresenti pa chaka, 400,000 ya chaka choyamba ikufanana ndi 347,826 ya lero, ya chaka chachiwiri ndi 302,457, ya chachitatu ndi 263,006. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 913,290, ndiye kuti makinawo akukuluzitsani pafupifupi 86,700. Nambala imeneyi ndi imene amaitcha NPV. Mukasintha 15 ija n'kuika 8 peresenti, makina omwewo apindula pafupifupi 30,800. Yankho lonse lagona pa peresentiyo.

Apa ndi pamene mapulogalamu ofooka amagwera. Amakupatsani peresenti yokonzeratu m'funso, inu n'kungolowetsa mu fomula, n'kukhoza mayeso. Ku ntchito palibe amene adzakupatseni nambala imeneyo. Muyenera kuipeza nokha poyang'ana chiwongoladzanja cha ngongole za kampani, zomwe eni masheya akuyembekezera, ndi kukula kwa chiopsezo cha ntchito yomwe mukufuna kuyamba. Pulogalamu yoyenera fizi yake imakupatsani malipoti a pachaka a kampani yeniyeni ya pa msika wa masheya n'kukuuzani kuti mumange nokha modelo yonse ya masamuwo mu Excel, kenako mphunzitsi n'kutsegula fayilo yanu kuona selo ndi selo. Zolakwika zimene amapeza zimakhala zomwezomwezo: kusakaniza ndalama zochotseratu kukwera mitengo kwa zinthu ndi zosachotsera, kuiwala kuti malonda akakula pamafunikanso ndalama zoonjezera zogulira katundu wosunga, ndi kuwerengera ndalama zimene zinawonongeka kale ngati kuti zili ndi mbali pa chisankho cha lero. Ngati ntchito yanu ikuchongedwa ndi kompyuta yokha, zolakwika zimenezi simudzaziona.

La kayendetsedwe ka ntchito zopanga katundu anthu amalipeputsa, koma n'lothandiza. Mzere wa fakitale uli ndi magawo atatu: loyamba limatha zinthu 60 pa ola, lachiwiri 40, lachitatu 55. Mzere wonsewo umatulutsa 40 basi. Kugulira gawo loyamba makina atsopano n'kutaya ndalama, kumangounjika katundu pakhomo pa gawo lachiwiri. Mumaphunziranso lamulo la Little: ngati muli ndi maoda 120 odikira ndipo mumamaliza 30 pa tsiku, kasitomala aliyense adikira masiku 4, ngakhale mumulonjeze zotani. Masewero a pa kompyuta oyendetsa fakitale yongoyerekeza amagwira bwino ntchito pa phunziroli. La ziwerengero ndi la ekonomiki nawonso amayenda bwino pa intaneti, bola aphunzitsi azigwiritsa ntchito deta yeniyeni yosokonekera, osati matebulo otsukidwa kale.

Zikafika pa maphunziro okambirana, nkhani imasintha. La kutsatsa malonda limayambira pa zinthu zinayi zimene E. Jerome McCarthy anazisanja mu 1960: katundu, mtengo, malo ogulitsira, ndi kutsatsa. La strategy, lokonza njira yoti kampani ipambanire pa mpikisano, limayambira pa mphamvu zisanu zimene Michael Porter anafotokoza mu 1979: opikisana nawo omwe alipo kale, atsopano ofuna kulowa, katundu wina wolowa m'malo mwa wanu, mphamvu ya ogula, ndi mphamvu ya okugulitsani zipangizo. Kuloweza zimenezi n'kwa madzulo amodzi. Chovuta n'kuzigwiritsa ntchito pa nkhani yeniyeni pomwe zambiri zofunika palibe, n'kuima pa chisankho chanu anzanu akukutsutsani.

Njira yophunzitsira zimenezi inatchuka ndi Harvard Business School, sukulu yomwe inayamba kupereka MBA mu 1908. Wophunzira amawerenga nkhani ya kampani inayake yomwe ili pa mphambano, usiku n'kukonza yankho lake, m'mawa mphunzitsi n'kuloza aliyense mosachenjeza kuti ayambe. Kumeneko wophunzira amadutsa nkhani zoterezi pafupifupi 500 m'zaka ziwiri, ndipo zomwe amalankhula m'kalasi zimatenga gawo lalikulu la malikisi ake. Mphamvu ya njirayi ili pa mantha aja oti angakuloze, komanso pa kumva injiniya, namwino ndi msilikali akuona nkhani imodzi mosiyana.

Pa intaneti zambiri mwa izi zimatayika. Kalasi ya anthu ochuluka, makamera ali otseka, ena akuyankha mauthenga a ku ntchito, siingakhale mtsutso. Choipitsitsa ndi lamulo lofala loti aliyense alembe maganizo ake pa tsamba la kalasi kenako ayankhe anzake awiri. Zotsatira zake ndi mzere wa anthu ovomerezana mwaulemu kuti apeze malikisi, popanda wina wosintha maganizo. Mapulogalamu amene amayesetsa amagawa ophunzira m'timagulu ta anthu 20 mpaka 30, amakakamiza kutsegula kamera, ndipo mphunzitsi amatchula mayina. Pamenepo phunziro limadzuka ndithu, ngakhale silifika pa la m'chipinda.

La utsogoleri ndi khalidwe la anthu pa ntchito ndilo lofooka kwambiri pa onse mu mtundu uwu wa maphunziro. Kuonera vidiyo ya mmene mungauzire wantchito kuti sakugwira bwino ntchito sikufanana ndi kumuyang'ana m'maso. Gawo lokhalo limene limapulumuka ndi la kukambirana pa malonda, pomwe ophunzira awiri amapatsidwa mapepala achinsinsi osiyana n'kukokana pa vidiyo, kenako kalasi yonse n'kuyerekeza zomwe aliyense wapeza.

Za ntchito za m'magulu amati mutu umodzi susenza denga, koma m'gulu la anthu asanu okhala m'mayiko osiyana nthawi, denga limathera pa mitu iwiri. Izi zimachitika gulu likagawana masamba m'malo mogawana maudindo: aliyense amalemba chigawo chake payekha, n'kuzilumikiza usiku womaliza, manambala a tsamba lachitatu osagwirizana ndi a tsamba lachisanu ndi chiwiri. Sukulu zanzeru zimapereka mbali ina ya malikisi potengera mmene anzanu a m'gulu akuonerani. Pomwe palibe zimenezi, olimbikira amanyamula aulesi mpaka kumapeto.

Palinso nkhani ya anzanu odziwana nawo, yomwe kwa ambiri ndi theka la phindu la MBA ya m'kalasi. Pa intaneti mumadziwana bwino ndi anthu ochepa a m'magulu anu okha. Sabata limodzi kapena awiri okumana pamasom'pamaso, amene mapulogalamu ena amakonza, amathandiza kwambiri, koma ulendo ndi malo ogona nthawi zambiri sizikhala mu fizi. Amene akufuna kusintha ntchito n'kulowa gawo latsopano kotheratu azindikire kuti mwayi wokagwira ntchito yoyeserera pakati pa chaka choyamba ndi chachiwiri, womwe ophunzira a m'kalasi amalowera nawo m'makampani atsopano, pano palibe. Pulogalamuyi imakomera munthu amene akufuna kukwera pomwe ali kale, amene zomwe waphunzira Lachiwiri usiku akaziyesa ku ofesi Lachitatu m'mawa.

Mabuku otsatsa masukuluwa ndi okongola onse, ndipo chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Musanalipire, fufuzani ngati sukuluyo inavomerezedwa ndi limodzi mwa mabungwe atatu odziwika: AACSB ya ku America yomwe inayamba mu 1916, AMBA ya ku Britain ya mu 1967, kapena EFMD ya ku Ulaya kudzera m'ndondomeko yake ya EQUIS ya mu 1997. Musakhulupirire chizindikiro chomwe chili pa tsamba la sukuluyo; pitani pa tsamba la bungwelo mukaone ngati dzina lake lili pa mndandanda. AMBA imafuna kuti ophunzira akhale atagwirapo ntchito zaka zosachepera zitatu, ndipo lamulo limeneli limateteza inu, chifukwa anzanu a m'kalasi ndi mbali ya zomwe mukugula. Mapulogalamu ambiri a pa intaneti safunsa mayeso a GMAT, omwe munthu amalemba pofuna kulowa sukulu za bizinesi. Amene amawafunsa, mayesowo masiku ano ali ndi zigawo zitatu za mphindi 45 chilichonse, mafunso 64, ndipo malikisi amayambira pa 205 mpaka 805. Kenako pemphani silabasi ya phunziro la corporate finance ndi chitsanzo cha ntchito yochongedwa ya wophunzira wakale, dzina litafufutidwa, muone ngati m'mphepete mwake muli ndemanga zolembedwa ndi munthu.