Thanki yomwera ng'ombe yomwe ndimasungiramo mbuna, patha miyezi 9 tsopano

Dzulo achimwene ena omwe timapemphera limodzi kuno ku Johannesburg anandifunsa pa WhatsApp kuti thanki yanga ija ikadali bwino? poti nawonso akufuna kugula yoteroyo mwezi ukatha. Ndinayamba kuwayankha koma uthenga unatalika kwambiri ndiye ndangoti bola ndilembe zonse pamodzi.

Kwa amene simukuidziwa nkhaniyi, mu March ndinagula thanki yapulasitiki yakuda, zija zomwera ng'ombe, ya malita pafupifupi 400, kushopu ina ya zaulimi. Ndinaiika mugalaja nkuikamo mbuna, nsomba zing'onozing'ono za m'nyanja ya Malawi. Ine ndinakulira ku Monkey Bay, nsomba zimenezi ndinkaziona m'miyala ku Chembe ndili mwana, ndiye nditazipeza zikugulitsidwa kuno mtima sunandilole kungodutsa. Thanki yagalasi ya saizi imeneyo mtengo wake sindikanaukwanitsa.

Pulasitiki yake ndiyolimba ndithu, sinapindike ngakhale yanyamula madzi olemera makilo 400. Kutsuka sikuvuta. Mu June ndi July kuzizira kwa kuno mukukudziwa, koma hita ya mawati 300 ndi chivindikiro pamwamba zinasunga madzi pa madigiri 25. Chomwe mudziwiretu nchakuti nsomba mumaziona kuchokera pamwamba basi.

Vuto langa linali pabowo lotulutsira madzi lija la pansi, pomwe pali pulagi. Mwezi wachitatu ndinayamba kuona simenti yanyowa mbali imeneyo m'mawa uliwonse, poyamba ndinkaganiza kuti ndi madzi othovoka kuchokera ku pampu, mpaka tsiku lina ndinapukuta paliponse nkuika tishu youma pansi pa nati ya pabowopo, pasanathe mphindi khumi tishu ija yanyowa. Sikunali kudontha kwambiri ayi, kadontho kamodzi nthawi ndi nthawi, koma nyumba ndi yalendi ndipo eni ake anali ataona kale chinyezi chikukwera kukhoma.

Ndinatenga sipanala nkumanga nati ija mwamphamvu. Apa mpamene ndinalakwitsa, chifukwa mawa lake kudontha kunawonjezeka. Kenako ndinagula silikoni, uja wa nsomba, poti wa kubafa amaikamo mankhwala opha nkhungu ndipo amapha nsomba, ndinamata kunja konse mozungulira. Masabata awiri kunali zii, ndinasangalala, kenako madzi anapeza njira pansi pake ndipo nditakoka silikoni uja anangosendeka yense ngati khungu la nthochi. Pulasitiki ya matanki amenewa ndi polyethylene, silikoni sagwirapo, ngakhale mumate chubu chonse.

Ndinabwerera kushopu kuja lisiti lili m'manja, ndi vidiyo pafoni. Bambo omwe ndinawapeza sanaione nkomwe vidiyoyo mpaka kumapeto, anangoti thankiyo ndi ya ng'ombe, kukhola madontho awiri atatu palibe amene amadandaula, ndipo poti ndaikamo nsomba waranti sikugwira. Ndinawafunsa kuti kodi madzi a ng'ombe ndi a nsomba amasiyana kudontha kwake? Anangoti ndikamangitse nati. Zinandiwawa kwambiri abale, sindinkafuna thanki yatsopano ine, ndinkangofuna labala imodzi yotchinga madzi pabowo lija kapena andiuze zoona zake za vutolo. Tsiku limenelo mukanandifunsa ndikanakuuzani kuti musagule.

Loweruka lina mu July ndinalimba mtima nkukhuthula madzi onse. Nsomba ndinaziika m'mabeseni awiri akuluakulu ndi madzi awo omwewo, siponji ya fyuluta nayo ndinaisunga m'madzi akalewo kuti tizilombo tabwino toyeretsa madzi tisafe. Nditamasula chitsulo... ayi si chitsulo, nchapulasitiki chonse, amachitcha bulkhead, chimalowa m'bowo lija nkumangidwa ndi nati, ndinapeza zinthu ziwiri. Labala ija inali itafinyika nkutulukira mbali imodzi, yang'ambika pang'ono, imeneyo inali ntchito ya sipanala yanga. Koma chomwe chinayambitsa zonse ndi kamzere kotukuka komwe kanatsala pa thanki kuchokera kufakitale, kakudutsa m'mphepete mwa bowo penipeni pomwe labala imayenera kugona, ndiye kuyambira tsiku loyamba labalayo siinkakhala bwino. Ndinakapala ndi sandipepa yosalala pang'onopang'ono mpaka chala chikamadutsa osamva kanthu, nkupukuta bwinobwino.

Bulkhead yatsopano ndinaigula kushopu ya mapaipi othirira, ndipo mnyamata wa kumeneko ndi amene anandifotokozera zomwe ogulitsa thanki analephera. Labala imakhala mbali ya mutu wophwatalala uja, osati mbali ya nati, chifukwa nati ikamazungulira imaipotokola ndipo madzi amatsata mazinga nkutuluka. Ine mutuwo ndi labala ndinaziika mkati, nati kunja. Kumanga kwake ndi dzanja basi, kenako sipanala kungokhotetsa kota imodzi, osapitirira. Osapaka silikoni kapena girisi palabala. Thread tape, tepi yokulunga pamazinga kuti madzi asadonthe, imapita pamazinga a pulagi yokha. Ndinathira madzi mpaka kupitirira bowo nkudikira usiku wonse tishu ili pansi, m'mawa inali youma gwa, ndipo mpaka lero miyezi isanu sipanagwe dontho.

Koma usiku umenewo ndinataya nsomba ziwiri zachikasu, mbuna zotchedwa ma yellow lab. Magetsi anazima, hita inali m'beseni limodzi lokha, linalo madzi anazizira kwambiri. Mpaka pano zimandikhudza chifukwa ndikanasintha chinthuchi thanki isanalowe madzi sizikanachitika.

Chomwe chinandibwezera mtima ndi cha mu October. Ndinaona yaikazi imodzi yasiya kudya, kukhosi kwatupa, ndinada nkhawa kuti yadwala, kenako ndinakumbukira kuti mbuna zimasunga mazira mkamwa. Patatha pafupifupi masabata atatu ndinapeza tiana tikubisala m'miyala. Ndinaitana akazi anga usiku womwewo ndi tochi kuti adzaone.

Za ndalama, thanki ndinagula pafupifupi R1,800. Bulkhead, tape ndi sandipepa sizinafike R200. Silikoni wopanda ntchito uja, thiransipoti yopita kukakangana kushopu, penti yokonzera khoma la eni nyumba ndi nsomba ziwiri zija, zimenezo zinadya kuposa kukonza kwenikweniko. Ngakhale choncho ndikawerengera zonse sindinafikebe pa mtengo wa yagalasi.

Ndiye achimwene, gulani, koma musanathire madzi masulani bulkhead yomwe yabwera nayo, mupapase m'mphepete mwa bowo ndi chala, ngati mukukayika labala yake sinthiranitu. Ndipo kushopu komwe ndinagula ine musapiteko, ndinawatumizira zithunzi za kamzere kaja mu July pomwe, mpaka lero sanayankhe. Tiana tija tikakula pang'ono ndikupatsani tinayi toyambira.